Amayi Atafolera Pamizati ndi Udzu

Ndikukumbukira kuzizira kwa simenti ya Pamizati. Dzuwa la Okutobala likafika poyasamitsa nkhuku kukamwa, ife ana tinkathamangira pakhonde la nyumba imeneyo n'kugona chafufumimba, tsaya lili pansi, malaya titapindira m'mwamba kuti mimba imve bwino. Simenti yake inali yofiira ndiponso yosalala, moti mwala wa phada unkatsetsereka wokha. Pankamveka fungo la fumbi, la ndowe za mileme, ndi kafungo kena kakalekale ka mchere ndi palafini kamene kanakana kuchoka ngakhale nkhondo inadutsapo. Lero ndine mayi wa ana anga, ndimagulitsa nyemba ku Malire, koma ndikatseka maso kafungo kaja kamandipeza ndithu.

Pamizati inali kantina yakale ya Apwitikizi, pakamsika kathu ka m'njira ya ku Mongue. Dzinalo inalitengera ku mizati yake yoyera, yonenepa moti mwana mmodzi sankatha kuikumbatira, imene inandanda kutsogolo kunyamula denga la khonde. Akuluakulu ankati inamangidwa agogo awo a amayi anga asanakwatiwe. Kutsogolo ankagulitsako nsalu, makasu, mchere ndi sopo, kuseri kunali sikelo yolandirira chimanga ndi nandolo, ndipo m'munsi mwa khoma la m'kati munali timatailosi tabuluu tojambulidwa maluwa amene sitinawaonepo m'tchire lililonse. Mwini wake anachoka dziko litalandira ufulu. Boma linagulitsiramo katundu kwa kanthawi, kenako kunabwera nkhondo, ndipo kuyambira pamenepo nyumbayo inasanduka ya aliyense, kumene kuli kunena kuti inalibe mwini.

Ine ndinaiona koyamba titabwerako ku Malawi, mtendere utabwera. Ndinali kamtsikana kongoyamba kusenza ndowa yaing'ono, ndipo ndinali nditakulira kumsasa wa othawa nkhondo, m'tinyumba ta udzu ndi mapepala apulasitiki. Ndiye tangoganizani, galimoto itatitsitsa pamsika, n'kuona chinyumba chimenecho! Ndinafunsa amayi ngati ndiko kumakhala bishopu. Chonsecho theka la malata linali litapita, mazenera ali mabowo okhaokha, khoma lili ndi zipsera za zipolopolo, ndipo pakona ina panali patamera kachere amene mizu yake inali italowerera m'njerwa. Amayi anatula katundu pansi, anakwera masitepe, anayenda khonde lonse mpaka kumapeto, akusuzumira kuseri kwa mzati uliwonse. Ankafuna Zuze.

Zuze anali mchimwene wanga, woyamba kubadwa. Ine sindinkamudziwa, chifukwa tsiku limene anasowa ndinali kumsana, koma nkhani yake ndinaimva kambirimbiri moti ndimaifotokoza ngati ndinaona ndi maso. Linali tsiku la msika. Zuze anali wamng'ono, asanayambe n'kugululuka mano komwe, ndipo anali atatopa ndi kuyenda. Amayi anamukhazika pakhonde la Pamizati ndi chinangwa chootcha m'manja n'kumuuza kuti, "Ukhale pompano, usachoke. Ndikatenge mchere kumunsiku, ndikupeza." Tsoka silinunkha. Asanafike n'komwe kwa wamchereyo, mfuti zinayamba kulira kuchokera kumtunda, msika wonse unabalalika, ndipo chikhamu cha anthu chinawakokolola kutsikira kudambo. Anayesa kubwerera, anthu anawagwira. Bambo anabwererako mozemba patapita masiku, koma anapeza khonde lili lokha. Bambowo anadzamwalira kumsasa ndi chifuwa, ndipo amene anatsala ndi mawu aja ndi amayi okha.

Choncho kwa anthu ena Pamizati linali bwinja, kwa ife ana linali bwalo lamasewera, koma kwa amayi anali malo amene anauza mwana kuti adikire. Maganizo awo anali osavuta kumva. Mwana wamng'ono choncho sangakumbuke dzina la mudzi, kapena la mfumu, kapena njira. Chimene angakumbuke ndi nyumba ya mizati, ndiye nyumbayo ikagwa adzabwerera kuti? Mnzawo wapamtima, mayi Jowakina, amene anakhala nawo kanyumba kamodzi kumsasa, anayesapo kuwauza kuti ansembe akadzabwera apemphe Misa ya akufa, mtima ukhale pansi. Amayi anawayankha kuti Misa ya akufa ndi ya akufa, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. Anthu onse ankawaitanabe kuti amake Zuze, ndipo ine, kunena zoona, nthawi zina zinkandiwawa. Wotunga madzi ndinali ine, wotumidwa ndinali ine, koma dzina linali la munthu amene sanatsukepo ndi mbale imodzi yomwe.

Amayi anayala malonda awo pakhonde pomwepo: tomato, makaka, nthochi, nthawi zina kalongonda wophika. Sanali malo oti munthu n'kupindulapo, chifukwa msika weniweni unali utasunthira kumsewu, pansi pa mitengo ya mango, koma iwo ankati pakhonde pali mthunzi wabwino. M'mawa uliwonse ankayamba asesa khonde lonse, kuchotsa zitosi za mbuzi, asanayale thumba lawo. Mnyamata wachilendo akatsika panjinga kapena palole, ankasiya zimene akuchita n'kumuyang'anitsitsa mpaka atapotoloka. Ena ankachita manyazi, ena ankabwera kudzapereka moni poganiza kuti mayiyu ndi wachibale amene amuiwala.

Ife ana tinalibe nazo ntchito zimenezo. M'kati mwa kantina tinkasewera chibisalirano, pansi pa kauntala yaikulu yasimenti ndi m'kachipinda kamdima kamene anyamata ankati mumakhala mzukwa wa mzungu wovala nsapato. Mzukwawo sitinauone, tinkangopezamo nkhuku ya eni ikuikira. Ukakuwa m'chipinda chachikulu mawu ankakubwerera, ndiye tinkapikisana kutukwana khoma kuti timve likutibwezera, kufikira amayi atatulukira ndi tsache. Tinkachitanso masanje kumasewera kantina yeniyeni: wina ankakhala mzungu kuseri kwa kauntala, atatupitsa masaya, ife n'kumagula mchenga ndi masamba. Ine sindinkaloledwa kukhala mzungu, ati ndimaseka msanga.

Vuto linali njerwa. Anthu onse obwerera ankafuna kumanga, ndipo njerwa za Pamizati zinali zootcha bwino, zolira ngwee ukazigogoda. Pamudzi pathu panalibe wakuba, ayi ndithu, onse ankangobwereka. Uyu wabwereka zitatu za mafuwa, uyu wabwereka felemu la zenera, uyu lata limodzi lokha loti atchingire mbuzi kufikira mvula itatha. Katswiri pa kubwerekako anali a Bernardo, bambo wina wamfupi woweta nkhumba, amene ankatsogolera nyimbo kutchalitchi ndi mawu okoma kwabasi. Tsiku lina amayi anawapezerera kuseri akugumula khoma la chipinda cha sikelo ndi khasu, wilibala ili pambali.

"A Bernardo, Mulungu akukuonani," anatero amayi.

"Amake Zuze, Mulungu akudziwanso kuti nkhumba zanga zikugona panja."

"Ndiye mwana wanga akadzabwera adzafikire m'khola mwanu?"

A Bernardo anakanda m'mutu, anatsitsa njerwa zija imodziimodzi, n'kubwerera ndi wilibala yopanda kanthu ikulira kwii kwii msewu wonse. Kuyambira tsiku limenelo panalibe wolimba mtima kugwira njerwa amayi akuona. Ankadikira apite kumunda kapena kumaliro, koma amayi ankadziwa makoma aja monga munthu adziwira mano ake, ndipo ankayenda khomo ndi khomo mpaka chobwerekedwacho chitabwezedwa. Mafuwa a anthu angapo anabwerera kukhoma ali akuda bii.

Ankadandaulanso kwa asekeretariyo a bairo lathu, mlembi wa boma woyang'anira dera lathulo, amene ankawayankha mwaulemu kuti nyumbayo ndi ya boma, ndipo boma likudziwa. Tsiku lina kunabweradi galimoto yoyera ndi anthu ovala bwino ochokera ku Kelimane. Anazungulira nyumba, anajambula zithunzi, anagogoda mizati, ndipo mmodzi anatiuza m'Chipwitikizi kuti iyi ndi mbiri yathu, tiziisamala. Ife ana, amene Chipwitikizi chathu chinali chisanapitirire moni wam'mawa, tinangowomba m'manja. Amayi anawapatsa nthochi. Galimoto ija inatembenuka, fumbi linakhazikika, ndipo mpaka lero sinabwerenso.

Chaka china mphepo ya mvula yoyamba inasasula malata amene anatsala, n'kukawaponya m'minda ya anthu, komwe anasowa mwa njira yake. Dzinja limenelo madzi anathira m'kati mmene anafunira. Pulasitala inayamba kugwa zibenthuzibenthu, ndipo khoma la kuseri linachita mng'alu woti mkono wanga unkalowa wonse. Amayi ankaima m'kati mvula ikuwakhuthukira, akuyang'ana mapaso ali pamtunda, n'kumapukusa mutu. Mvula itatha anati, "Nyumba yopanda denga siona madzinja awiri. Tiifolera."

Abale inu, anthu anaseka. Kufolera kantina ya Apwitikizi ndi udzu! Koma amayi anga akanena chinthu ndiye kuti chatha. Ankadziwa njira imodzi yokha yopulumutsira nyumba, yomwe anaphunzira kwa amayi awo: udzu pamwamba, mtsiro m'makoma. Anayamba ndi mayi Jowakina, ndipo awiriwa anakopa amayi onse a kutchalitchi. Miyezi yozizira ija tinkalawirira kudambo kukamweta tsekera, manja n'kuchekekachekeka, mitolo n'kumaiunjika pambali pa kantina mpaka mulu unaposa mutu wa munthu. Ine ndinkanyinyirika njira yonse, mtolo uli pamutu, kuti anzanga akusewera fulaye ine ndikumwetera udzu nyumba ya mileme.

Udzu utakwana amayi anaitana dima. Anaphika thobwa lodzaza mbiya zonse za m'bairo, mayi Jowakina anafulula kena kowawirapo ka abambo, kalongonda anayamba kuwira dzulo lake. Kwathu munthu sakana dima, ngakhale ntchitoyo aziiseka. Abambo anabwera ndi nsungwi ndi luzi, ndipo woyamba kukwera pamwamba anali a Bernardo omwe aja, akuimba nyimbo za kutchalitchi uku akumanga mbariro. Mapaso akale anali a mtengo wolimba umene chiswe chinaulephera, ndiye anangoyalapo nsungwi n'kuyamba kuponyerana mitolo. Pansi amayi ankamata ming'alu ndi dothi, kenako anazira makoma ndi mtsiro, wakuda m'munsi, wofiira m'mwamba, n'kujambulapo timizere ndi zala monga timachitira Khirisimasi ikayandikira. Mizati yokha amayi analetsa. Anati isiyidwe yoyera momwemo kuti mwana adzaizindikire.

Dzuwa likupendeka tinaima pamsewu kuyang'ana ntchito yathu. Ha! Pamizati inkaoneka ngati mzungu wavala chipewa cha mlaza. Woyendetsa lole wina anaima n'kutsika kuti aonetsetse, ndipo anaseka mpaka kugwirira tayala. Koma ine ndinaikonda, ndipo ndikhulupirira kuti tonse tinaikonda, ngakhale amene ankaseka. Aka kanali koyamba chibwerere kwathu kuti mudzi wonse ugwire ntchito imodzi popanda maliro.

Dzinja lotsatira linali lokoma kuposa onse a ubwana wanga. M'kati munali mouma gwaa. Apulofesolo, aphunzitsi athu, anasamutsira kalasi yathu m'menemo kuchoka pansi pa mtengo, ndipo ndinaphunzira kuwerenga Chipwitikizi nditatsamira timatailosi tabuluu tija. Mvula ikamagwa paudzu sinkasokosa monga imachitira pamalata, inkangonong'ona, moti theka la kalasi linkawodzera, nthawi zina ndi apulofesolo omwe. Anthu ochokera ku Molumbo ndi njinga zolemedwa ndi matumba ankausa mvula pakhonde, akutafuna makaka a amayi, ndipo aliyense amayi ankamufunsa funso lomwelo, ngati kumene achokerako sanamvepo za mwana wotoledwa nthawi ya nkhondo, dzina lake Zuze. Ankayankha kuti a Zuze ndi ambiri, mayi, ndipo otoledwa ndi ambirinso.

Chimene tonse tinaiwala n'chinthu choti ngakhale mwana amachidziwa. Nyumba yaudzu imafuna bwalo. Kwathu aliyense amalambula kuzungulira nyumba yake chilimwe chisanafike, koma kuseri kwa Pamizati kunali tchire la boma, ndipo m'mitu mwathu nyumbayo inali idakali yamalata, yosaopa moto. Amayi ankasesa kutsogolo, kumene mwana adzafikire. Kuseri, kumene denga linatsika mpaka kutsala pang'ono kugunda nsenjere, ankapitako kukaona njerwa, osati udzu.

Moto unabwera masana, mwezi wotentha, nthawi imene anthu amatentha tchire posaka mbewa. Amene anauyatsa sanadziwike, ndipo sindikhulupirira kuti ankafuna zoipa. Linali Lamulungu, titangofika kunyumba kuchokera kutchalitchi, pamene tinamva anthu akukuwa kuti, "Pamizati! Pamizati!" Pofika ife denga lonse linali lawi limodzi. Udzu unkathetheka, mileme ikutuluka masanasana osadziwa kolowera, nsungwi zikuphulika ngati mfuti moti amayi ena achikulire anadzigwetsa pansi mwa chizolowezi. Anthu anathamanga ndi ndowa, koma chitsime chinali patali, ndipo madzi a m'ndowa pamoto wotero sankaoneka n'komwe pamene agwera. Amayi anathira beseni limodzi, anathamangira lachiwiri, kenako anafuna kukwera masitepe ndi chitsamba chachiwisi m'manja. Mayi Jowakina anawagwira m'chiuno n'kugwa nawo pansi. Mapaso aja amene anapirira chiswe ndi nkhondo anagwera m'kati limodzilimodzi, ndipo timatailosi tinkamveka kusweka ndi kutentha.

Madzulo kunatsala makoma ong'aluka ndi mizati yakuda. Palibe amene ananena mokweza, koma tonse tinkadziwa kuti tikanapanda kufolera, moto ukanangodutsa m'tchire n'kusiya nyumba ili chiimire. Amayi ankadziwanso. Sanadye, sanalire, anangoti, "Ndaiotcha ndekha." Ndinawamvera chisoni kwambiri tsiku limenelo, ndipo kaduka kanga konse pa Zuze kanathera pomwepo.

M'mawa mwake anatenga tsache. Anasesa phulusa pakhonde, anayala thumba, anaika tomato wawo m'milu, n'kukhala padzuwa popeza mthunzi kunalibenso. Anayesa kukwecha mzati umodzi ndi mchenga koma mwaye unali utalowerera. Masiku oyamba anthu ankadutsa mwakachetechete, kenako, monga mudziwa anthu, nkhani inasanduka nthabwala. Kusukulu, komwe tinali titabwerera pansi pa mtengo, anzanga ankanditcha mwana wa ofolera kantina. Anjinga aja anainyamula nkhaniyo pamodzi ndi matumba awo n'kumakaitula m'misika yonse mpaka ku Molumbo ndi kupitirira: ati kuli mayi wina wozungulira mutu, anafolera nyumba ya mizati ndi udzu podikira mwana amene anamusiya pakhonde nthawi ya nkhondo, nyumba n'kupsa, iye adakali pompo. Ndinkachita manyazi koopsa. Ndinawapempha kuti tisamukire pansi pa mango ngati anzathu, iwo anangondiuza kuti ndikatunge madzi.

Mvula yoyamba itagwa, nthaka ikununkhira, ndinali nawo pakhonde tsiku lina chakumasana ndikusankha nyemba m'lichero. Panafika mnyamata wamtali, woonda, woyenda pansi, matope mpaka m'mawondo, kathumba kali paphewa. Anaima pamsewu nthawi yaitali akuyang'ana mizati. Kenako anakwera masitepe osapereka n'komwe moni, anagwada pakona, analavulira pansi n'kupukuta mwaye ndi chala chachikulu. Pamene anapukutapo panaoneka pofiira. Anapukutanso pena, panafiiranso. Ine mumtima ndinati basi, wamisala wina wabwera kudzathandizana ndi amayi.

Atadzuka ndi pamene ndinaona makutu. Anali makutu anga enieni, otambalala, amene aliyense ankati ndinatengera bambo athu. Amayi anali ataimirira kale, tomato atagubuduzika mpaka pamsewu. Ndinkayembekeza kuti akuwa kapena akomoka, koma anayenda pang'onopang'ono, anamugwira dzanja mwamphamvu monga umagwirira mwana wothawa kusamba, n'kunena ndi mawu aukali omwe ankandikalipira nawo ine:

"Iwe, sindinakuuze kuti usachoke pano?"

Mnyamata uja anayankha m'Chinyanja chothyokathyoka, chodzaza Chilomwe. "Ndinadikira, amayi. Anachita kundinyamula."

Pamenepo ndi pamene amayi analira, kulira kwa zaka zonse zija, ndipo msika wonse unasiya malonda n'kubwera. Nkhani yake tinaimva pang'onopang'ono m'masiku otsatira, mayi Jowakina akumasulira pamene Chinyanja chamuthera. Mayi wina wachilomwe amene ankathawanso anamupeza pakhonde ali yekha, anamubereka, n'kupita naye kwawo kuseri kwa Molumbo, komwe anamulera pamodzi ndi ana ake. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. Dzina la kwawo sankalidziwa, ndipo nyumba zakale za mizati m'dziko muno zilipo zambiri, moti anali atayendapo kale maulendo opita pachabe. Ndiye tsiku lina pamsika anamva anjinga akuseka za mayi wofolera kantina, anafunsa njira, n'kuuyamba ulendo. Amayi anatulutsa kapulana yawo yatsopano, chitenje chimene ankasungira Pasaka, n'kupatsira anjinga omwewo kuti akapereke kwa mayi wachilomwe uja.

Ine ndinkamuopa pang'ono. Sankalankhula, ankadya atayang'ana kukhoma, ndipo ndikamuitana kuti achimwene ankacheuka kumbuyo kuona ngati pali wina. Ndinali nditazolowera Zuze wa m'nkhani, kamwana ka chinangwa m'manja, ndiye uyu wa mapazi aakulu sindinkadziwa pomuika.

Chimwemwe chinabwera ndi vuto lake. Zuze anali atayamba kale kumera ndevu, ndipo mnyamata wotero sagona nyumba imodzi ndi amake ndi mlongo wake. Masiku oyamba ankakagona kwa a Bernardo, koma amayi tulo sitinkabwera, ankaopa kuti kukacha amva zoti wabwerera kwa amene anamulera. Pankafunika gowelo lake, msanga, pabwalo pathu pomwe. Koma mvula inali itakhazikika, ndipo njerwa zoumba nthawi imeneyo zimasungunuka zisanaume. Ya mitengo ndi dothi amayi anaikana, ati mwana amene wagona kwa eni zaka zonsezi sangafikire m'chisakasa.

M'mawa wina anandiponyera nkhata.

"Tiye."

"Kuti, amayi?"

"Pamizati. Udutsire kwa a Bernardo ukabwereke wilibala."

Ndinaima kukamwa kuli yasaa. "Amayi, njerwa zomwe zija munkalanda anthu pamafuwa?"

"Nanga ukufuna mchimwene wako azigona kwa eni chifukwa cha kantina ya mzungu? Tafulumira."

A Bernardo sanangobwereketsa wilibala, anabwera nayo okha, kumwetulira kuli mpaka m'makutu, ndipo titatuta zokwanira gowelo anafunsa mwaulemu ngati tsopano nkhumba zawo zingaganiziridwe. Amayi anati nyumbayo ndi ya boma, akafunse boma. Pofika Lamulungu mudzi wonse unali utamva kuti mlonda wachoka. Mawilibala, madengu, njinga, ngakhale tiana tosenza njerwa imodziimodzi pamutu, zonse zinalunjika kumeneko. Nyumba imene inaima kuyambira nthawi ya agogo a amayi inatha dzinja limenelo lisanathe.

Lero pamalopo pali timagolosale tamalata, kogulitsira mayunitsi a foni ndi poimikapo njinga zamoto. Anyamata ake amati ndi siteji ya Pamizati, koma mukawafunsa kuti mizatiyo ili kuti amangokweza mapewa. Ana a masiku ano sauzidwanso kuti adikire pakhonde la munthu. Wanga akachedwa ndimangomuimbira, iye n'kundinamiza kuti ali pafupi. Ndikapita kutauni ku Vila kapena ku Kelimane n'kuona nyumba zakale zikugwa, mitengo itamera m'makoma, mtima umandipweteka, ndipo sinditsutsana ndi amene amati tinataya chinthu chosabwezeka. Tinatayadi. Ndilibe ndi chithunzi chomwe choonetsa ana anga, ndipo ndikamawafotokozera kukula kwake amaganiza kuti ndikuwonjezera. Amayi anatisiya zaka zapitazo. Achimwene, amene tsopano imvi zayamba ndipo Chinyanja chawo chikadali chopindika, amakhalabe pabwalo lomwe lija, ndipo gowelo lija ndi khitchini ya akazi awo.

Mizati ndi imene inagwa pomaliza. Inali yolimba moti makasu ankangodumpha, mpaka abambo anachita kuimanga chingwe n'kumaikoka akuimba, umodziumodzi. Ine ndinaima pamsewu ndikuonerera, ndipo womaliza utagwa, fumbi n'kukwera, ndinalira ndekha pakati pa anthu oimba nthungululu. Ndinathamangira kunyumba kuti ndikawauze amayi, poganiza kuti nawonso ziwakhudza. Ndinawapeza atakhala pamphasa pakhomo la gowelo, manja ali pamiyendo, akuyang'ana Zuze akudya.

"Amayi, mizati yagwa yonse."

Sanacheuke n'komwe. "Chabwino," anatero. "Tamuwonjezera ndiwo mchimwene wako."